Machesi Onyowa

Tinayamba tili anayi m'galaja ya bambo ake a Keith Marfleet,
kuno ku Grimsby, kumene mphepo imanunkhabe nsomba
ngakhale sitima zinaleka kalekale kupita kunyanja.
Nthawi imeneyo ndinali ndi tsitsi.
Ng'oma zanga ndinagula pangongole,
ngongoleyo inakhalitsa kuposa banja langa loyamba.

Dzina tinachita kutola pansi, pakhomo pa bala:
kabokosi ka machesi, konyowa ndi mvula.
Glenda anati, anzanga, ndife amenewa,
kuyaka tidzayaka, koma osati lero.
Papita zaka makumi atatu ndi zinayi
sitinapezebe chifukwa cholisinthira.

Masana Keith amakonza mafiriji a anthu.
Glenda Odling amaphunzitsa masamu ana a eni ake,
ana osadziwa kuti usiku mayiyu amakuwa
mpaka matambula kunjenjemera pashelefu.
Ine ndinasenda nsomba mufakitale
mpaka timitengo toimbira ng'oma tinatengera fungo.

Kunabwera mkulu wina wa kampani ya zimbale,
wochokera ku London, wa jekete yachikopa yosakanda paliponse.
Tinamugulira mowa ndi ndalama ya petulo.
Nyimbo yachitatu ili mkati anayang'ana wotchi,
nathamangira sitima ya naini koloko.
Tinamaliza nyimbo zonse khumi ndi zinayi
poti mayi wokolopa anali ataimika mopu, akumvetsera.

Zimbale tinadinditsa tokha, mazana asanu.
Mazana atatu zikadali pansi pa bedi langa,
ndiye ndinganene kuti ndimagonera nyimbo zanga.

Ku Hamburg tinaimbira anthu asanu ndi awiri ndi galu.
Galuyo ndi amene anakhala mpaka pomaliza.
Pobwerera vani inatifera pamlatho, chisanu chikuluma,
Roy Dring anamanga paipi ya utsi ndi nsambo ya gitala yake
ndipo inatifikitsa.
Nsamboyo ikadalipo pansi pa galimoto,
Roy ndiye kulibe.

Anagwa m'munda mwake akukumba mbatata, Lachiwiri.
Lachinayi tinakumana monga mwa masiku onse
chifukwa panalibe amene anakumbuka kunena kuti tisabwere.
Keith analumikiza sipika ya Roy kumagetsi.
Inangoti ng'wii, yokhayokha pakona,
tinakhala chete kuimvera mpaka tiyi anazizira.
Pano besi amaimba Imogen, mdzukulu wake,
amafulumira pang'ono pamene agogo ake ankachedwa pang'ono,
ine ndili pakati, kugwirizanitsa wamoyo ndi wakufa.

Chaka chatha kunafika kalata yochokera ku Valparaíso.
Munthu wina woyendetsa basi
anapeza chimbale chathu pamsika wa zakale,
akuti amachiika akamatsuka mbale usiku,
ndipo akufunsa mawu a mzere wachiwiri wa nyimbo yomaliza.
Glenda anamvetsera kasanu, magalasi ali pamphuno.
Nayenso sakuwamva.
Tinamulembera ena atsopano, abwinoko.

Amati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.
Magulu amene tinayamba nawo limodzi,
aja anamveka pawailesi chilimwe chimodzi,
anakangana m'makhoti, ena sapatsana moni.
Yathuyi sinamveke kutsidya kwa mtsinje wa Humber,
mwina nchifukwa chake chikopa chikadali chamoyo.
Kapena ndikungodzitonthoza. Zimatheka.

Khutu langa lamanzere limalira lokha usiku,
kaphokoso kopyapyala ngati udzudzu wosaluma.
Adokotala akuti ndi malipiro a zaka zonsezi.
Ndinawauza kuti ndiwo malipiro okhawo
amene anabwera osachita kulondola.

Loweruka tikuimba kuholo ya asodzi opuma ntchito.
Papepala alakwitsanso dzina lathu.
Keith wapaka mankhwala pabondo,
Imogen wanyamula sipika ya agogo ake yekha, wakana thandizo.
Ndikhala kumbuyo, kumene ndimaona misana yokhayokha,
misana itatu, umodzi wowongoka, iwiri yowerama,
ndikweze timitengo m'mwamba
ndiwerenge monga kale:
wani, thuu, fili, folo.