Penti Yofiira

Anandilemba ntchito mwezi wa Juni
pa msewu wochoka ku Chipata kulowera ku Chadiza.
Sanafunse setifiketi.
Anandipatsa chitini cha penti yofiira, bulashi ndi chipewa cholimba,
nati mtengo uliwonse umene uli mkati mwa zikhomo
ndiulembe mtanda.

Sabata yoyamba, mitanda makumi asanu ndi inayi.
Msuku, mpoza, mthethe,
mango a anthu amene ndimawadziwa ndi maina aubwana.
Dzanja linazolowera msanga
ngati la kalaliki wolemba matumba a chimanga ku depoti.
Kumbuyo kwanga katapila ankabwera akutsokomola,
ndipo pofika madzulo
thambo linali litakula pamene panali mthunzi.

Fumbi linkalowa paliponse.
M'mano, m'ufa woyanika pamphasa,
m'makope a ana opita ku sukulu.
Galimoto yothira madzi inkadutsa kamodzi
likakhala tsiku la alendo.

Tikambenji Sakala sanabwere ndi mawu ambiri.
Dimba lake lili kumunsi kwa kampu yathu,
kumene migolo ya oyilo inkadontha usiku
ife tili mtulo.
Anakwera chitunda atasenza ndowa,
naitula pa boneti ya kapitao Njobvu.
Pamwamba pa madzi pankayandama utawaleza.
Anatunga ndi chikho. Anati, imwani, bambo,
repu wanga wamwa kale.

Kapitao anayang'ana nsapato zake nthawi yaitali.
Mawa lake tinakunkhuniza migolo kukwera nayo kumtunda,
tinawaka simenti pansi pake, tinathira utuchi,
dothi lakuda ndi mafuta tinalikumba ndi mafosholo.
Palibe anaimba nyimbo tsiku limenelo.

Ndiye ndinafika pa mkuyu wa pa kalavati.
Unali mkati mwa chikhomo, inde,
koma ndi phazi limodzi ndi theka, ndinayesa ndi langa.
Pansi pa mizu yake madzi amatuluka ngakhale mu Okutobala.
Ndinaviika bulashi.
Penti inatsika pachigwiriro mpaka m'chigongono,
ine chiimire.
Ndinali nditaona mzimayi akuimitsa kampani ndi ndowa.

Injiniya, Mayi Langiwe Zimba, anatambasula pepala pabondo,
anatafuna pensulo, anaimba foni kawiri.
Msewu sungakhote, anatero,
koma ngalande ikhoza.
Mtengo umodzi.
Musandiyese ngwazi: tsiku lomwelo ndinalemba ina isanu ndi iwiri.

Dzenje limene tinakumbamo miyala
linatsala kukamwa yasa kuseri kwa sukulu.
Aphunzitsi anawerengetsa kuya kwake ndi msungwi,
nalemba kalata, nalembanso ina.
Tinalikwirira mvula itatsala masiku.
Dothi lapamwamba, lija tinaunjika pambali ngati nkhokwe,
tinalibwezera pamalo pake,
ndipo bonongwe anamera osapemphedwa.

Mbande za mibawa tinabzala mazana awiri.
Mbuzi zinadya theka.
Zotsalazo ndimazitchingira ndi minga Loweruka,
kontirakiti inatha kale, palibe amandilipira.

Msewu ndi wabwino, sindinama.
Mtedza wa mlongo wanga umafika m'tauni usanagwe mtengo,
ambulansi sititimiranso pa dambo.
Ine ndimapalasa njinga pa phula latsopano,
wokwera kumbuyo akusimba za mpira,
ine ndikuwerenga malo opanda kanthu:
apa panali msuku, apa mpoza,
apa mango a Zilole.

Pa kalavati ndimatsika ngakhale sindinatope.
Nkhuyu zagwa, ana atola, mbalame zikukangana.
Ndimasamba m'manja pa kasupe,
ndikupecha ndi mchenga m'mbali mwa zikhadabo
mmene kufiira kunakana kuchoka.