Mboni Ziwiri

Pakati pa usiku ku Ginnery Corner
jenereta ikutsokomola kuseri kwa ofesi.
Ndakhala pakati pa mapulogalamu awiri
ngati mwamuna wamitala tsiku la mlandu.

Ya kumanzere yafiira maso:
nsanja ya pa Soche yafa.
Ya kumanja yangobiriwira,
akuti Soche ali bwinobwino, kagoneni.

Yakaleyi tinaigula ndisanakwatire.
Imachedwa kutsegula pakamwa, koma sinandinamizepo.
Yatsopanoyi inabwera ndi mnyamata watayi,
imalosera za mawa,
layisensi yake imadya madola okhaokha.

A Likoswe anati, "Uwagwirizanitse azimvana,
Lachisanu undiuze yoti titaye."
Sabata zitatu ndikumanga mlatho wa manambala,
koma uthenga ukaoloka
umafika utavala dzina lina.

Ndayimbira Namacha, mlonda wa kuphiri.
Sakupezeka.
Ndayesa nambala yake ina, ya kampani ya anzathu aja:
"Adula waya, achimwene, anali anayi.
Ine ndili m'chimanga."

Mu lipoti ndalemba kuti
mboni yachitatu ilibe layisensi,
ili ndi tochi,
ndipo malipiro a Januwale sinawaonebe.