Chiuno cha Mavu

A Makwinja anabwera ndi foni yong'aluka galasi,
amvekere: Elube, undijambulire uyu
pakhoma la sukulu yanga ya mkombaphala,
ana amamudziwa, makolo adzakopeka.
Ndinasuzumira: mwana wa mfumu wa m'makatuni,
diresi lofufuma ngati ambulera,
ali gone pabedi, akudikira.

Ndimamudziwa inenso.
Ndili wamng'ono ndinkaba makobidi a mchere
kukamuonera pa benchi ya muvidiyo,
pobwerera ndinkayenda monyang'ama m'matope
kuti ndifanane naye.

Usiku ndinamuika pa kompyuta yobwereka,
magetsi a pa Chitakale akuphethiraphethira,
n'kumuyeza ndi rula monga anatiphunzitsira.
Diso limodzi ndi chiuno chonse, muyezo ndi umodzi.
Khosi ngati phesi.
Dzanja loti kapu ya madzi ingalithyole.
Ndinayezanso mnyamata wa pahatchi:
iyeyu anamumanga ndi makona anayi,
chibwano ngati njerwa,
mapewa ngati chitseko cha golosale,
pankhope sanamusiyire malo odutsa misozi.
Ndiye mayi woipa uja:
mphuno yokhota, mizere yakuthwa, utoto woderapo,
wakula, alibe mwamuna, amalankhula mokweza.
Ndinaseka ndekha.
Awatu ndi azakhali anga a ku Limbuli,
amene anandilipirira fizi ndi ndalama za nanazi.

M'mawa ndinayamba ndi choko,
phiri litafunda chiperoni mpaka m'mapewa.
Ana anandizinga.
Mwandida, wa zaka zisanu, anayang'ana khoma,
anadziyang'ana,
kenako anakoka mpweya, kubweza mimba mkati,
n'kuigwira choncho mpaka maso kulengeza misozi.
Tiyese anafunsa: nanga matumbo amasunga kuti?
Kamnyamata kena, kabudula ali m'manja,
kanati: ine hatchi ndimaopa.
Anzake kuseka: ndiwe mkazi iwe!

Choko chinandithyokera m'zala.

Ndinafufuta ndi sanza yonyowa.
Ndinakankhira mzere kunja, pang'ono,
pang'ononso,
mpaka m'mimbamo mutalowa kalongonda ndi chinangwa.
Ndinamudzutsa pabedi.
Ndinamubwereka mikono ya amayi,
imene dengu la tiyi laiumba zaka makumi awiri,
mapazi otambalala odziwa njira ya ku Likhubula,
ming'alu iwiri kuchidendene.
Chisoti chachifumu sindinamulande,
ndinangochipendeketsa kuti pensulo ipeze malo pakhutu.
Mnyamata ndinamutsitsa pahatchi,
ndinafewetsa chibwano ndi chala,
kumsana ndinamubereketsa mng'ono wake.
Kwa mayi woipa sindinachite zambiri:
nditachotsa makona akuthwa
panatsala mzimayi wotopa, akuwerenga chenji.

A Makwinja anafika dzuwa litapendeka.
Anaima nthawi yaitali, makiyi akulira m'thumba.
Uyu ndiye ndani?
Akuonekatu ngati wothyola tiyi ku esiteti.
Ndinati: eya.
Nanga mwamunayu wabereka mwana, amudyetsa?
Sindinayankhe, ndinkatsuka bulashi.
Anandidula theka la malipiro,
akuti Loweruka kubwera mnyamata wa ku Luchenza
adzapake laimu, ayambirenso.
Sindiwada.
Fizi ya ana ndiyo imawalipirira lendi,
ndipo makolo amafuna zimene anaziona kale.

Lero ndi Lachinayi.
Khoma likadalipo, utoto sunaumebe bwino.
Mwandida waima patsogolo pake,
dzanja limodzi m'chiuno, lina lagwira mbatata,
mimba ili panja, akupuma.
Kamnyamata kaja kabereka botolo ndi juzi,
ena akukaseka, mmodzi akupempha kuti abereke nawo.

Ine ndatsala ndi chitini cha pinki chosatsegula
ndi masiku awiri.
Hatchi ija yaima payokha kumapeto kwa khoma,
yopanda mwini, yopanda mtundu.
Ndikuiyang'ana.
Ndikufunafuna mpeni wotsegulira chitini.