Mpiru wa Pazenera

Chisanu cha Juni chinandidyera dimba usiku umodzi.
Kutacha ndinapeza matimati ali lende,
masamba bii ngati awauka ndi moto,
chikhalirecho moto Ku Chawe kuno timachita kuunyengerera.
Zimene chisanu chinasiya, anyani anadzamaliza masana.

Ndiye ndinalowetsa munda m'nyumba.
Zitini zitatu za penti zomwe amisiri anataya,
beseni la Dailesi lobooka pansi,
chigubu cha mafuta ophikira chodula pakati,
ndi gambutsi imodzi,
inzake inapita ndi madzi a Mulunguzi chaka chatha.
Dothi ndinakatapa kudambo,
la pansi pa paini limangodziwa bowa.
Zitosi za nkhuku ndinapempha kwa a Makwinja,
iwo kuseka mpaka kutsokomola:
"Mlonda wa nkhalango yonseyi, lero mukulondera chitini?"

Zenera ndili nalo limodzi, losweka pakona,
ndinamatapo katoni ya sopo.
Dzuwa limafika mochedwa ngati malipiro,
cha m'ma teni, likatha kukangana ndi nkhungu.
Likhala pang'ono, uyo, latsetserekera kwa Chingale.
Mbande zimalilondola mpaka makosi kupindika,
ine n'kumazitembenuza m'mawa uliwonse
momwe anamwino ankatembenuzira bambo anga ku Central.

Madzi a pampopi amaluma zala.
Ndimayamba ndawakhazika pambali pa mbaula,
n'kuwayesa ndi chigongono ngati osambitsira khanda.
Usiku chiperoni chikamalira m'malata
ndimafunditsa zitini nyuzipepala zakale,
chayinizi amagona pansi pa zigoli za chaka chatha,
repu pansi pa uthenga wa maliro a munthu amene sindimudziwa.
Anyezi anakana. Sindinamukakamize.

Dailesi anatsikira kwa mchemwali wake ku Chinamwali,
akuti chifuwa cha mwana sichigwirizana ndi phiri,
adzabwera kukafunda.
Pafoni amafunsa ngati ndikudya.
Ndimati eya.
Sindimuuza kuti tsabola wa mu gambutsi
ndinamutcha dzina la mwanayo, Mwaiwathu,
ndi kuti dzana watulutsa tsamba lachinayi.

Dzulo nyani wamkulu anakhala pachitsa
kuyang'ana zobiriwira kudzera pagalasi.
Tinapenyana nthawi yaitali.
Anadzikanda m'khwapa, n'kumapita.

Lero ndathyola mpiru woyamba,
masamba asanu ndi awiri, osadzaza ngakhale chikhatho.
Ndinatsuka mphika, kenaka ndinaubwezera pathandala.
Masambawo ndawamanga ndi luzi,
ndapatsira Ajasi, uja amatsitsa nkhuni panjinga,
mabuleki ake ndi chidendene.
Wawatembenuza uku ndi uku, wawanunkhiza,
wati, "Akulu, izi ndi ndiwo kapena kalata?"

Ndati ingokaperekani,
musawaike pansi pa nkhuni.
Wawalowetsa m'thumba la malaya, pachifuwa,
nkhungu n'kumumeza asanafike pakona yoyamba.