Dzino la Sopo

Chaka chonse ndinaphunzira za m'kamwa
popanda kamwa loti ndisuzumiremo.
Ku Iloilo, pa tebulo lodyera la amayi,
pakati pa botolo la viniga ndi wailesi yakufa,
ndinkasema dzino pa sopo wochapira,
foni itatsamira chitini cha mkaka.

A Dokotala Tupas anali kankhope m'kabokosi.
Mvula ikamenya malata ankauma, kukamwa kuli yasa,
mawu atathera panjira:
"Mukayandikira mtsempha, musa..."
Musatani?
Ndinadikira mpaka namondwe anawolokera ku Guimaras.

Koma ndisaname, kanema ndi mphunzitsi wosapsa mtima.
Ndinamubweza kakhumi ndi kanayi
pamene singano imalowa kuseri kwa nsagwada,
popanda wondiusira moyo,
popanda anzanga okodolana kumbuyo.
Pakati pa usiku, tambala wa aneba asanalire,
ndinkatchula mitsempha yonse mayina
ngati ana a m'nyumba mwathu.
Mayeso ndinakhoza.
Mano anga olakwika amayi ankachapira malaya.

Tsiku lomwe chipatala cha pasukulu chinatsegulidwa
anandipatsa Manong Crispulo, dalaivala wa jipini,
dzino lakumapeto lili mphako ngati mwadutsa chiswe.
Anayasamula.
Palibe anandiuza kuti lilime limayenda,
limalondola chitsulo ngati kamwana ka mbuzi,
kuti malovu amadzaza msanga chotere,
kuti kagalasi kamachita nkhungu ndi mpweya wa munthu,
kuti bambo wa imvi zake
angafinye mpando mpaka misempha kutuluka.
Sopo sankandiyang'ana m'maso.

Dzanja langa linayamba kuvina lokha.

Kenako fungo la mafuta a bulugamu.
A Dokotala Tupas, aafupi kuposa mmene ndinkaganizira,
anaima kumbuyo kwanga, duu.
Anaika zala ziwiri pa mkono wanga
nakankha pang'ono, pang'ono zedi,
monga woyesa ngati papaya lapsa.
"Wamva? Apo pafewa, m'powola.
Apa pakulira, m'pamoyo. Ima."

Ndinamva, koma osati ndi khutu.
Chinadutsa m'chitsulo, m'chala, n'kukakhala m'chigongono,
chinthu chimene intaneti inakanika kunyamula
ngakhale masiku amene kunja kunacha bwino.

Za "musa" uja ndinawafunsa tikusamba m'manja.
Anaseka, anali ataiwala kalekale.
"Kaya ndinkati musathamange,
kaya musaope. Sankhapo wekha."

Manong Crispulo analavula m'kabeseni,
nayendetsa lilime pa dzino lomatidwalo,
tsaya limodzi likadali dzanzi,
nanena movutikira, mlomo utapendekeka,
kuti ndikadzakwera jipini yake ndisadzalipire.

Madzulo ndinakhalanso pa tebulo lija.
Amayi anakankhira viniga pambali.
Ndinatsegula kanema yemwe uja,
ulendo wa khumi ndi chisanu,
mawu nditatseka,
ndikuyang'ana manja okha.