Nyanja ya Pakona ya Shopu

Twaibu, mlongo wanga, atakwera basi ya ku Joni,
anandisiyira kiyi, ngongole ya lendi
ndi nyanja yamchere ya malita mazana awiri
pakati pa firiji ndi shelefu ya sopo,
kuno kwa Mpondasi, kumene fumbi sililemekeza galasi.

"Makorali awa, Asiyatu," anatero akumanga chikwama,
"si miyala, si maluwa. Ndi nyama zopanda miyendo.
M'matupi mwawo muli tindere tolima ndi kuwala:
iwo amapereka nyumba, ito timalipira chakudya."
Ndinati, landilodi wotere akadabwera kuno.

Kope lake ndi ili, lonyowa m'mphepete:
getsi loyera liyake eyiti koloko, lizime faifi,
labuluu litsalireko pang'ono.
Loweruka tunga ndowa imodzi, bwezera ina
ya mchere wa m'thumba la ku Nakala,
osati wa pamsika wothira mu usipa.

Mwezi woyamba anandimvetsa chisoni.
Alendo ochokera kutali chonchi
n'kumawayezera ndi nsonga ya supuni?
Ndinathira ndi dzanja lonse.
Ndere inabuka ngati udzu wa mu Januwale,
inakwera galasi, inafunditsa nthambi zonse,
pakamwa pawo panatsekeka kuti tsee.

Mantha anandisandutsa womana.
Ndinasefa, ndinasintha madzi, ndinasefanso
mpaka anayera ngati a m'diripi ya kuchipatala.
Ndere inafa, inde. Makorali nawo anafwifwa.
Ndinati mwina ndi mdima, ndinakweza getsi,
ndipo wa nthambi uja, wonga nyanga za gwape,
anachita mbuu ngati mkanjo wa Lachisanu.
Sindinadziwe kuti kuyera kwina ndi njala.

Lero ndimayeza.
Madontho asanu m'kabotolo, kukhutchumula, kudikira,
kenako kuyerekeza ndi khadi pafupi ndi zenera.
Kukafiira, ndachulutsa. Kukapanda mtundu, ndamana.
Chofunika n'kufiirira kwa chikhatho cha khanda,
ndipo sikukhala masiku atatu kusanasunthe.

Che Mdoka amabwera kudzagula machesi,
amasuzumira, amapukusa mutu:
"Chosadyedwa, chosayenda, ukuchiweta cha chiyani?"
Ana a sukulu amasiya mphuno zawo pagalasi,
ine n'kumapukuta.

Okutobala anafika, phula la mumsewu likufewa,
magetsi anathima masiku awiri.
Pampu inangoti zii. Madzi anayamba kufunda.
Ayezi yemwe ndikanagulitsa ndinamumanga m'majumbo
n'kumuyandamitsa pamwamba,
ndipo Che Mdoka yemweyo, osanena kanthu,
anazula batire m'galimoto yake yakufa.
Litatha mphamvu ndinatenga kapu:
tunga, thira, tunga, thira,
mkono ukulira, udzudzu ukudya akakolo,
mpaka mzikiti unaitana m'mbandakucha.
Awiri anafa. Mafupa awo ndapsinjira malisiti.

Twaibu akaimba amayamba ndi iwo.
"Wabulauni uja akutsegula? Wayeza liti?"
Ine ndimabwera kumapeto, mayunitsi akutha.
Ndalama zake nazo zilibe khadi yoyerekezera:
mwezi uno zambiri, itatu yotsatira zii.
Nanenso ndaphunzira kumuyezera nkhani.
Za denga lodontha ndimathira dontho limodzi,
za chifuwa cha amayi madontho awiri,
za awiri anafawo sindinathire.

Dzulo, labuluu litatsala lokha,
ndinaona pa nyanga ya gwape uja
kansonga katsopano, kochepa ngati njere ya mpunga,
ndipo m'munsi mwake mtundu ukubwerera
monga tiyi akamalowa mumkaka.
Ndinajambula kasanu. Foni siigwira getsi limeneli,
zonse zinatuluka chifunga chabuluu.

"Sindikuona kanthu," analemba.

Ndinayankha kuti ndiye ubwere udzaone,
kenako ndinafufuta,
n'kupita kukasungunula mchere wa Loweruka.