Masitepe Anayi

Kuchokera kwa Mpondasi ndapalasa ndi manja,
fumbi m'mano, dzuwa la Okutobala pamsana,
akabaza akundiimbira belu.
Mtunda wonsewo sunandiletse.
Andiletsa masitepe anayi a pabanki.

Mlonda, Che Twaibu, ndi munthu wabwino.
Akuti, "Abiti Sumani, perekani khadi,
mundinong'oneze nambala, ndikakutapireni."
Mwezi watha anandinyamula ndi mnzake
ngati thumba lopita kuchigayo,
chitenje chitakwera,
mzere wonse maso pansi.

Ndalama zanga zimalowa bwinobwino.
Ndi za mayunifomu makumi atatu
osokedwa pa makina opukusa ndi dzanja.
Zili m'katimo, zikupuma mphepo yozizira,
mwini wake ndikupsa panja.

Lamulo ndalipinda kanayi m'kachikwama.
Asiyatu wanga anandiwerengera usiku:
khomo la anthu onse likhale la anthu onse.
Za chifundo mulibe.
Za kunyamulidwa mulibenso.

Ndiye lero khadi sindipereka.
Njinga ndaipingasa pansi pa sitepe yoyamba.
Aitaneni amanijala atsike,
awerenge okha ndi mapazi awo,
andiuze ndi pakamwa pawo
kuti potsetsereka pafuna simenti matumba angati.

Ndadya kale.
Ndidikira.